Kalulu ndi Timizere ta Mkuwa

Padangokhala Kalulu ndi Kamba. Onse awiri adabadwira m'komboni ya Torwood ku Redcliff, kumene agogo awo adafika kuchokera ku Nyasaland kudzafuna ntchito. Onse awiri adaphunzira zamagetsi ku kampani ya Zisco. Ng'anjo za kampaniyo zitazima mu 2008, nyama zidabalalika, zambiri n'kusanduka makorokoza m'maenje a golide ozungulira Kwekwe.

Kudzenje kumafunika nyali, ndipo mabatire ogula ankatha ndalama. Tsono nyama zidapempha awiriwa kuti azijambulire kabolodi ka nyali yotchaja ndi sola, koti aliyense apange yekha pakhomo.

Kapangidwe kake nyama zinkakadziwa. Umasindikiza chojambulacho pa pepala losalala la magazini, n'kulisita pa bolodi lokutidwa ndi mkuwa mpaka inki imatirire. Kenako umaviika bolodilo m'beseni la ferric chloride, mankhwala amene amadya mkuwa wonse wopanda inki n'kusiya timizere toyendamo magetsi. Ukatero umaboola, n'kuwotcherera zipangizo ndi mtovu.

Kamba adajambula sabata yathunthu. Bolodi lake lidali lalikulu, la mbali imodzi. Mizere yake idali yonenepa, yopitirira milimita imodzi, yotalikiranatalikirana. Pomwe mizere iwiri inkafuna kudutsana, adangolemba kuti, "Apa lumphitsani kawaya."

Kalulu ataona adaseka mpaka kugwa chagada.

"A Kamba, limeneli ndi bolodi kapena msewu wa ku Gweru?"

"Ndi la a Mfuko, bwanawe," adatero Kamba. "Maso awo mukuwadziwa. Zala za a Nyani mukuzidziwanso."

Kalulu adajambula lake usiku umodzi. Kadali kakang'ono, ka mbali ziwiri, timizere toonda todutsa pakati pa miyendo ya tizipangizo. Kukongola kwake! Ngakhale Kamba adavomera kuti n'kokongola. Koma mumtima Kalulu ankati, "Agule pepalali dola imodzi. Kakawakanika, abwere adzagule chopangidwa kale madola khumi."

Nyama zidathamangira chokongolacho. Nyani adasita, adaviika, adavuula: timizere tadukaduka. Njiri adasita, adaviika, adaboola: bowo lalowera uku, mzere wa kuseri uli uko. Mfuko adafika mpaka powotcherera, koma dontho limodzi la mtovu lidagwira timizere titatu, kabolodi n'kufuka utsi.

"Manja anu ndi olemera," ankatero Kalulu. "Lembetsani maina, ndikupangirani."

Adabwera Fisi, mwini maenje angapo cha ku Globe and Phoenix.

"Ndikufuna nyali 20 pofika Loweruka. Ndalama ndi izi."

Kalulu adalandira ndi manja awiri. Tsiku lomwelo adagula nsapato zosongoka ndi jekete, zotsalazo n'kugulira mabolodi.

Inu mukuganiza kuti Kalulu adali ndi fakitale? Adali ndi nsimbi yamakala yomweyo, beseni lomwelo, ndi kuzizira komweko kwa mwezi wa Juni.

Adasita. Nsimbi idatentha pakati, m'mphepete ayi, ndipo inki idamata mwapatalipatali. Adayesa kukonza ndi pentomaka, koma nsonga yake idali yaikulu kuposa timizereto. Adaviika. Mankhwala ozizira amadya mochedwa, ndipo akamachedwa amayamba kunyenya timizere cham'mbali. Mzere wonenepa ukanyenyeka pang'ono umatsalabe. Woonda umatheratu. Kalulu adatenthetsa mankhwala. Adadya msanga ndithu, kudyeratu ndi timizere tomwe.

Lachitatu mabolodi 7 adali padzala. Lachinayi 15. Jekete yatsopano ija idali mawanga achikasu okhaokha, poti ferric chloride akadonthera pa nsalu sachoka.

Nthawi yonseyo Mfuko, atagwa ulesi ndi chokongola chija, adali atapita kwa Kamba.

"Agogo, msewu wanu uja ukadalipo?"

"Tengani. Mukatha mupatse mnzanu."

Mfuko adasita, adaviika, adaboola. Mzere umodzi udaduka, iye n'kuulumikiza ndi kawaya. Nyali idayaka. Pepala la Kamba lidapita ku Amaveni, lidadutsa ku Mbizo, lidatsika Boterekwa kupyola Shurugwi, mpaka ku Maglas ku Zvishavane. Ena chosindikizira adalibe, ankangokopera ndi pentomaka, ndipo nyali zinkayakabe.

Lachisanu usiku Mfuko adamva kugogoda.

"Ndani?"

"Ndine, achimwene. Tsitsani mawu."

"A Kalulu? Usiku uno?"

"Ndimati mundibwereke pepala la a Kamba lija. Ndingoonako zolakwika zake."

Mfuko adamupatsa. Kalulu adathamangira kwawo, n'kutulutsa mabolodi asanu otsala aja. Adaika pepala pamwamba. Pepala lidapitirira mbali zonse zinayi, poti mabolodi onse adali atawaduliratu ting'onoting'ono kuti asunge mkuwa.

Kutacha Fisi adafika ndi anyamata ake.

"Nyali zanga."

"Zatsala pang'ono, bwana."

Fisi adayang'ana padzala, adayang'ana jekete, adayang'ana nsapato.

"Vula nsapatozo. Ngongole ukaibwezera kudzenje, ukakoka chingwe mpaka mvula igwe."

"Kudzenje kuli mdima, bwana!"

"Usade nkhawa," adatero Fisi. "Anyamatawa adapanga nyali dzulo. Wina akubwereka."