Nyanja Yosalala Ngati Mkaka: Kodi Cithunzi Cimanama?

Kumwera kwa South Africa, pafupi ndi tauni ya asodzi ya Gansbaai, kuli nsanja yoyera ya nyale pamalo ochedwa Danger Point. Nchito ya nsanja zotere ndi kucenjeza oyendetsa zombo usiku kuti kuno kuli miyala, dutsirani patali. Ife kuno ku Zambia tilibe nyanja ya mcere, conco ambiri timangozionera pa foni. Mukayang'anitsitsa zithunzi zake zokongola zija, mupeza kuti zimafanana. Madzi asalala ngati mkaka m'mbale, mitambo yakokeka ngati thonje, nsanja yokha ili njo. Funde palibe olo limodzi. Koma munthu ataimirira pagombepo, nyanja yotere sangaione ndi maso ake ngakhale adikire caka cathunthu.

Cinsinsi cake ndi nthawi. Kamera ili ndi kacitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe. Masana kamatseguka ndi kutsekanso mwamsanga kuposa kuphethira kwa diso. Wojambula wofuna madzi osalala amaika kamera pa coimikira ca miyendo itatu kuti isagwedezeke, nthawi zina amavalika galasi lakuda kutsogolo kwake kuti kuwala kulowe pang'onopang'ono, ndiyeno amasiya kacitseko kali kotsegula kwa masekondi 30 kapena mphindi ziwiri. Mafunde onse amene abwera ndi kubwerera m'nthawi imeneyo amasakanikirana n'kukhala cifunga coyera. Cimene sicinasunthe cimatuluka bwinobwino, cimene cinali kuyenda cimasungunuka.

Funso langa ndi lakuti, kodi cithunzi cotere ndi bodza? Pa Danger Point funsoli ndi lolemera cifukwa ca zimene zinacitika pamenepo. Usiku wa pa 26 February 1852, combo ca asilikali a Britain cochedwa Birkenhead cinagunda mwala wobisika m'madzi pafupi ndi malowa ndipo cinasweka n'kumira m'kanthawi kocepa. Munali anthu oposa 600, ndipo amene anapulumuka anali 193 cabe. Nsanja ija inayatsidwa mu 1895, patapita zaka 43. Inamangidwa cifukwa nyanja ya pamenepo imapha. Tsono munthu akaijambula ili pakati pa madzi odikha ngati ogonapo mwana, sanabise cifukwa cenicenico cimene nsanjayo inamangidwira?

Wojambula angayankhe kuti iye sanawonjezepo kanthu. Kuwala konse kumene kuli pacithunzico kunalowadi mu kamera. Angapitirize kunena kuti cithunzi cojambulidwa mwamsanga naco cimacita zacilendo, pakuti cimaimitsa funde m'mwamba ngati mwala, pamene funde silinaimepo n'kale lomwe. Apa akunena zoona. Palibe cithunzi cimene cimaona monga diso limaonera, ndipo wojambula aliyense amasankha utali wa nthawi imene akufuna kusunga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pali zina zimene kudekha kwa kamera kumationetsa. M'cithunzi ca mphindi ziwiri mumaona bwino miyala imene yatuluka pamwamba pa madzi, mumaonanso kumene mphepo ikukankhira mitambo. Conco ine sindingacichule kuti bodza.

Komabe kusanama sikutanthauza kuti wanena zonse. Mu 1838, Louis Daguerre anajambula msewu wa Boulevard du Temple mu Paris. Makamera a nthawiyo anali kufuna mphindi zingapo kuti cithunzi cigwire. Msewuwo unali wa anthu ambiri, ngolo ndi mahachi, koma pacithunzi ukuoneka ngati anthu onse anasamuka. Anatsala ndi bambo wina amene anaima pakona kupukutitsa nsapato, pamodzi ndi womupukutayo amene akuoneka mwa cimbuuzi. Onse amene anali pa liwiro kupita ku nchito, kunyamula katundu kapena kuyendetsa ngolo anafafanizika. Kamera yodekha imakondera zoima. Imasunga zipupa, zipilala ndi munthu amene ali ndi mpata woimirira, koma wothamanga imamutaya.

Nsanja ya nyale nayo imataya kanthu kake. Nyale yake siyaka mosalekeza kwa woiona ali panyanja. Imathwanima ndi kuzima motsatira dongosolo lake, ndipo nsanja zoyandikana zimapatsidwa madongosolo osiyana. Ya ku Cape Agulhas, kumapeto kwenikweni kwa Africa, imathwanima kamodzi pa masekondi 5 alionse. Woyendetsa combo amawerenga masekondi a mdima pakati pa kuthwanimako, n'kudziwa kuti wafika pati. Mukatsegula kamera kwa mphindi ziwiri, kuthwanima konse kumaunjikana n'kukhala kuwala kumodzi. Cithunzi cimakongola, koma cizindikiro cimene cimapulumutsa anthu camezedwa.

Mbiri nayo imajambula motere. Nkhani ya Birkenhead imakumbukika cifukwa asilikali anaima m'mizere pacombo comira kuti akazi ndi ana ayambe kukwera mabwato, ndipo akazi ndi ana onse anapulumuka. Kulimba mtima kumeneko n'koyenera ulemu. Koma asilikaliwo anali paulendo wokamenyana ndi amaXhosa pankhondo ya 1850 mpaka 1853, imene amaXhosa anali kuteteza dziko lao. Amene anaima m'mizere ali m'mabuku ndi pazikumbutso. Amene anali kuthawa midzi yao ikupsa, ng'ombe zao zikulandidwa, sachulidwa kawirikawiri nkhani ya comboco ikamakambidwa. Wokamba nkhaniyo sananame, wangosiya oyenda kuti asungunuke.

Luso limeneli lafika kale m'manja mwathu, pakuti mafoni ambiri masiku ano amatha kusunga kuwala kwa masekondi angapo usiku. Mwina munaonapo zithunzi za Cairo Road kapena Great East Road usiku, magetsi a mamotoka atasanduka mizere yofiira ndi yoyera, nyumba zitalizitali zikuwala. Tauni imaoneka yaudongo. Koma mayi amene wasenza dengu kuthamangira basi ya ku komboni mulibemo, ngakhale anadutsa kutsogolo kwa kamera yomweyo. Mnyamata wokankha wilibala nayenso mulibemo. Anali pa nchito, ndiye cifukwa cake sakuoneka.

Sindikunena kuti mleke kujambula zotere. Kukongola si mlandu, ndipo munthu ali ndi ufulu wofuna mtendere pacithunzi cake. Mlandu umayamba pamene cithunzi cojambulidwa kuti cikongole cigwiritsidwa nchito ngati umboni, pamene wina acionetsa n'kunena kuti taonani, kuno kulibe mafunde, kuno kulibe ovutika. Wojambula woona mtima amanena kuti anatsegula kamera kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ojambula ambiri amalembadi masekondiwo pansi pa cithunzi. Akawonjezapo mzere umodzi wonena kuti pamiyala iyi panafera anthu oposa 400, madzi osalala aja amayamba kuoneka mwina.

Inunso woonera muli ndi mbali yanu. Mukakumana ndi cithunzi codikha kwambiri, kaya ndi ca nyanja, ca tauni, kapena ca moyo wa mnzanu pa Facebook, musathamangire kunena kuti n'cabodza. Dzifunseni kuti kamera inatsegulidwa kwa nthawi yaitali bwanji, nanga ndani anali kuyenda pamene cinali kujambulidwa.