Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Mwambi wonse umati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Unachokera kwa akuluakulu ofwenkha fodya wopera. Munthu amatsina pang'ono m'kachitini, ndipo kuchoka pachala kukafika pamphuno ndi pafupi zedi, koma kamphepo kakangodutsa fodya uja wapita. Mwinanso mnzako akugunda pachigongono, kapena afika mlamu woti sungamumane. Tsono akulu ankati usamawerengere chinthu chomwe sichinafike kwenikweni m'manja mwako. Lonjezo la amalume, ngongole yomwe mnzako akuti abweza mawa, chimanga chomwe chikadali m'munda, zonsezi nzapachala.

M'makomboni a mapulazi a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, ku Raffingora, Trelawney, Mvurwi, Tengwe mpaka ku Macheke, mwambiwu amaunena anthu omwe fodya amamudziwa kuyambira ku nazale mpaka ku okushoni. Makolo awo anachokera ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Tete ndi Chipata, ena wapansi, ena kudzera mwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linakhazikitsidwa ku Southern Rhodesia mu 1946. Ambiri anatchona. Zidzukulu zawo ndi zomwe lero zikufunsa ngati uphunzitsi wa ku pulayimale ndi ntchito yoti munthu n'kuiperekera moyo wake.

Titenge mtsikana wa m'komboni amene wakhoza maphunziro asanu a O-Level, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. M'madera amenewa si chinthu chapafupi, poti sekondale imakhala kutali ndipo fizi imadikira fodya agulidwe. Akuti akufuna kupita ku koleji ya Madziwa kufupi ndi Shamva, kapena ku Nyadire ku Mutoko, kapena ku Seke ku Chitungwiza. Mayi ake amamuyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, kushedi akufuna kalaliki, azakhali ako ku Johannesburg akuti bwera. Iwe ukufuna tikulipirire zaka zitatu, kenako udzakhale pakhomo pano kudikira boma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Mayiwa sakulankhula zopusa, ndipo amene angawaseke sakuidziwa mbiri ya aphunzitsi m'dziko lino. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inafa, boma lenilenilo linalengeza kuti mu July chaka chimenecho kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 231 miliyoni peresenti, ndipo malipiro a mphunzitsi sankakwanira n'kukwera basi yokawatenga. Aphunzitsi zikwizikwi anasiya choko n'kulowera ku South Africa ndi ku Botswana. Kumayambiriro kwa 2009 sukulu zambiri zakumidzi zinali zotseka. Zinthu zitakhazikikako ndi dola ya ku America, mphepo inawombanso: mabungwe a aphunzitsi monga ZIMTA, PTUZ ndi ARTUZ akhala zaka akulirira malipiro a madola 540 omwe amati ankalandira October wa 2018 asanafike. Palinso omaliza makoleji ambiri omwe amatha zaka akudikira kuti Public Service Commission iwatumize kusukulu. Ngati funso ndi la malipiro, mayi aja apambana mlandu.

Koma mwambiwu uli ndi mbali ina yomwe anthu a m'mapulazi anaiphunzira mowawa kuposa wina aliyense. Chaka cha 2000 chisanafike, ogwira ntchito m'mapulazi akuluakulu ankapitirira 300,000. Aliyense ankaona ngati zake zili pamphuno: nyumba m'komboni, kamunda kuseri, malipiro pakutha pa mwezi, manda a agogo pansi pa mitengo. Mapulazi atayamba kulandidwa, zinadziwika kuti zonsezo zinali pachala, ndipo chalacho chinali cha mwini pulazi. Anzawo Achishona ena anali ndi kumudzi kothawira. Mdzukulu wa mtchona analibe. Ngati izi sizinakwane, lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira momwemo ali ndi zitupa zowatcha alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 ananena kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika yobadwa.

Ntchito ya ukalaliki kushedi ndi fodya wa mtundu womwewo. Ilipo lero chifukwa mwini munda wadzala ndipo mvula yagwa. Ntchito ya azakhali ku Johannesburg imadalira mapepala omwe boma la eni likhoza kusintha tsiku lililonse. Pamene aphunzitsi aja ankathawa mu 2008, anasiya nyumba za sukulu ndi malipiro opanda pake, koma dipuloma anapita nayo, ndipo ena inawapezera ntchito m'makalasi a kunja. Ine ndimaona kuti mu uphunzitsi muli fodya wamitundu iwiri. Malipiro ngwapachala, asakunamizeni. Maphunziro ndi luso lophunzitsa mwana kuwerenga ndiye wapamphuno, chifukwa walowa kale ndipo palibe angabwere ndi kalata kudzakulanda.

Izi zokha sizikwanira kumutumiza mtsikanayo ku Madziwa, poti unamwino nawo uli ndi pepala lake. Ayenera kuidziwa ntchitoyo mmene ilili kumapulazi, osati mmene imaonekera tsiku lolandira dipuloma. Boma litabweretsa maphunziro a pulayimale aulere mu 1980, ana a m'sukulu anachoka pa 820,000 mu 1979 n'kupitirira 2 miliyoni pofika 1985, ndipo pulogalamu ya ZINTEC inayamba mu 1981 kuti aphunzitsi aziphunzira ntchito ali kale m'kalasi. Mapulazi anatsalira pa liwiro limenelo, chifukwa malo anali a eni ndipo sukulu inkadalira mtima wa mzungu wapamalopo. Pambuyo pa 2000 kunabadwa sukulu zongoyembekezera, zokhala pansi pa sukulu ina yolembetsedwa, ndipo zambiri zinatsegulidwa m'nyumba zakale za azungu, m'mashedi ndi m'mabalani owotchera fodya. Kumeneko ndi komwe mphunzitsi watsopano amakonda kuponyedwa. Akhoza kupeza magiredi awiri m'chipinda chimodzi, buku limodzi ana angapo, madzi kutali, nyumba yogawana ndi mnzake.

Ndiye pali nyengo yothyola fodya. Kalasi imachepa, ena amabwera atatopa, ena akudandaula mutu ndi mseru chifukwa chogwira masamba aawisi. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ya ku Zimbabwe mu 2018, koma mphunzitsi wa Giredi 5 ku Karoi safunika kuwerenga lipoti, amangoyang'ana kaundula. Ikafika Giredi 7 pamabuka nkhani ya zikalata zobadwira, chifukwa mwana alibe, mayi ake alibe, agogo ake analowa m'dziko popanda pepala. Mphunzitsi wabwino kumeneko amasanduka woyenda ndi makolo ku ofesi ya kalembera, ntchito yomwe palibe amamulipira.

Apa ndi pamene mwana wa m'komboni amaposa wochokera ku Harare, amene nthawi zambiri amafika kalata yopempha kusamuka ili kale m'thumba. Wa m'komboniyo amadziwa chifukwa chake mnyamata wasowa masabata angapo nthawi ya chinamwali, ndipo sangaimirire kutsogolo n'kumaseka gule wamkulu kapena kutcha ana dzina lonyoza loti mabhurandaya. Amadziwa kulankhula ndi agogo omwe Chishona chawo mpaka lero chimapendekera ku Chichewa. Malamulo a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko, koma lamulo silingalowe m'kalasi palokha. Pafunika munthu woti kamwana ka Giredi 1 kakati "ndikufuna kukataya madzi" amve msanga. Alick Macheso anakulira m'mapulazi a ku Shamva ndipo dziko lonse limavina akamaimba m'Chichewa, koma ana a m'makomboni ambiri sanaonepo wakwawo ataima pa bolodi.

Choncho mtsikanayo ndikanamuuza kuti asayambe ndi fomu ya koleji. Ayambe wakhala ndi ana. Apemphe kuthandiza ku Sande sukulu ya CCAP, ku madrasa kapena ku sukulu ya mkaka kwa miyezi ingapo, aone ngati phokoso la tiana makumi anayi limamupatsa mphamvu kapena limamudwalitsa mutu. Alipo anthu ophunzira bwino omwe ana amawanyansa, ndipo oterowo akalowa uphunzitsi chifukwa chosowa kolowera amakhala zaka makumi atatu akulipsira ana aeni pa mkwiyo wa malipiro. Akapeza kuti ana amawakonda, apite, koma apite akudziwa kuti adzafunika kamunda, nkhuku kapena kageni kena pambali, monga amachitira aphunzitsi ambiri akumidzi.

Mayi ake nawo ali ndi funso loyenera kuyankhidwa banja lonse litakhala pansi: fizi ya zaka zitatu ichokera kuti, ndipo ndani adzapitiriza kulipira chaka chomwe fodya sadzagulidwa bwino ku okushoni. Mwana wosiyira koleji pakati amabwerera kukomboni wopanda dipuloma, ukalaliki uja atatenga kale wina.