Yemwe Wadula Nkhani Ali ndi Ngongole

Gawo lomaliza la Farscape, lomwe linaonetsedwa ku America mu Marichi 2003, limatha mwankhanza. John Crichton, munthu wa dziko lathu lino amene anasochera kutali m'mlengalenga, ali m'bwato pamadzi ndi Aeryn Sun, mkazi yemwe mtima wake wakhala ukumufuna kuchokera pachiyambi. Aeryn wangomuuza kumene kuti pathupi ali napopo ndi pake. John akutulutsa mphete, mkazi akuvomera, akupsompsonana. Posakhalitsa kachombo kachilendo kakutsika n'kuwaombera, onse awiri n'kusanduka timiyala tambirimbiri tongoyoyoka. Pakanema pakutuluka mawu olonjeza kuti nkhaniyi ipitirira. Koma eni wailesi ya Sci-Fi Channel anali atalengeza kale mu Seputembala 2002 kuti seweroli aliimitsa, ndipo sizoni yachisanu sidzakhalapo.

Oonera sanakhale chete. Analemba makalata, anasonkha ndalama n'kulipira mauthenga pawailesi za kanema, anachita phokoso mpaka anthu andalama anamva. Mu Okutobala 2004 kunatuluka The Peacekeeper Wars, filimu ya zigawo ziwiri imene Brian Henson anatsogolera, ntchito yake kutolera timiyala tija ndi kutseka nkhani. Zoterezi zachitikanso kwina: Firefly inatsekedwa ndi Serenity mu 2005, Stargate SG-1 ndi The Ark of Truth mu 2008, ndipo Sense8, imene Netflix inaimitsa mu 2017, inapatsidwa gawo lalitali lotsanzikira mu Juni 2018.

Chimene chimandizunguza ine ndi mkwiyo wa oonerawo. Awa ndi anthu akuluakulu, apantchito, olera ana. Akudziwa bwino kuti Crichton kulibe, kuti Ben Browder amene ankasewera malo akewo anavula zovala za seweroli n'kupita kwawo ali bwinobwino. Nanga akulirira chiyani? Ena amati n'chidwi chabe, kufuna kudziwa zomwe zinachitika. Ine sindivomereza. Chikanakhala chidwi, tsamba limodzi lofotokoza zomwe alembi ankalingalira likanakwanira. Anthuwa ankafuna kuona ndi maso, kukhalapo pamene nkhani ikutsekedwa. Zili ngati banja limene mwana wawo wamira panyanja thupi osapezeka. Zoti wamwalira akudziwa, palibe akukayika, koma amayendabe m'mbali mwa nyanja tsiku ndi tsiku, chifukwa kudziwa kuti munthu wafa n'kwina, kumuika m'manda n'kwinanso. Munthu safuna uthenga wokha. Amafuna kuti mavuto amene wina wadutsamo awerengedwe, pakhale wonena kuti zonsezi sizinapite pachabe. Kunena mosabisa, amafuna chiweruzo.

Firefly ndi imene inandiphunzitsa mtengo wa chiweruzo chimenecho. Joss Whedon anakonza magawo 14 okha, wailesi ya Fox inaonetsa 11, mosatsata ndondomeko yake, mpaka gawo loyambirira linaonetsedwa pomalizira, mu Disembala 2002. Nkhani yake ndi ya anthu asanu ndi anayi okhala m'chombo chokalamba chotchedwa Serenity, ongodyera maganyu ndi katangale kumalire a maiko olamulidwa ndi boma la Alliance. Ma DVD ake atagulidwa kwambiri, kampani ya Universal inalola kupanga filimu. Ndalama zimene inapeza m'nyumba zoonetsera kanema zinangofanana ndi zimene anaipangira, pafupifupi madola 40 miliyoni, choncho ina yotsatira sinabwerenso.

Ine ndinaionera pa laputopu, pamodzi ndi mwana wa mlongo wanga amene anabwera nayo pa fulashi. Chakumapeto, Wash, woyendetsa chombo, munthu wanthabwala amene amasunga tizidole ta zilombo zakale pafupi ndi chiwongolero, akudutsitsa Serenity pakati pa nkhondo yoopsa, n'kuitsitsa pansi itaphwanyikaphwanyika koma anthu onse ali moyo. Akupuma, akuyamba kulankhula monyadira. Mawu asanathe m'kamwa, chimkondo chachikulu chikuboola galasi n'kumulasa pachifuwa, kumukhomerera pampando pomwepo. Mkazi wake Zoe akumugwedeza kuti adzuke, kaputeni Mal akumukoka kuti athawe. Palibe nyimbo yachisoni, palibe mawu otsanzika. Mphwangayo anaimitsa filimu n'kundiyang'ana. "Amalume, bola akanaisiya momwe inalili. Muja anali moyo onse."

Ananena zoona, ndipo zoona zakezo n'zimene ambiri opempha mapeto saziganizira. Nkhani ikadali pakati, aliyense ali moyo ndipo njira zonse n'zotsegula. Wopempha kuti ithe akupempha kuti njira zina zitsekedwe, ndipo kawirikawiri akupempha maliro osadziwa. Mu Serenity mwafa Wash ndi m'busa Book. Mu The Peacekeeper Wars mwafa Ka D'Argo, msilikali amene anali bwenzi la pamtima la Crichton. Alembi sanachite izi chifukwa cha nkhanza. Mapeto opanda mtengo oonera sawakhulupirira, chifukwa pamoyo wawo sanaonepo chinthu chachikulu chikutheka popanda wina kulipira.

Chodabwitsa n'chakuti filimu imene inapangidwira kutseka nkhani ndi yomweyonso ikuchenjeza za kutseka zinthu mokakamiza. Mdani wa Mal ndi kazitape wa boma wopanda dzina, amene Chiwetel Ejiofor anasewera mofatsa mochititsa mantha. Munthuyu amapha, ngakhale ana, pokhulupirira kuti akumanga dziko lopanda tchimo, ndipo amavomera yekha kuti m'dziko limenelo iye sadzakhala ndi malo. Chinsinsi chimene akuteteza osachidziwa chili padziko lotchedwa Miranda. Kumeneko boma linathira mankhwala otchedwa Pax mumpweya kuti anthu asiye ndewu. Ndewu inathadi. Kenaka anasiya kupita kuntchito, kulankhula, kudya, mpaka anangogona pansi pomwe analipo n'kufa, anthu 30 miliyoni. Ochepa okha mankhwalawo anawatembenuza kukhala zilombo zodya anzawo. Whedon amanena poyera kuti sakhulupirira Mulungu, koma apa wagwira funso limene aphunzitsi a mpingo alimbana nalo kwa zaka mazanamazana: chifukwa chiyani Mulungu sangochotsa kuipa mumtima mwa munthu kamodzi n'kamodzi? Miranda ikuyankha kuti mpeni wodula kuipa mwanjira imeneyo umadulanso kufuna, ndipo munthu wosafuna kanthu ndi mtembo umene sunagwe pansi.

N'chifukwa chake The Ark of Truth imandisowetsa mtendere. Stargate SG-1 inayenda masizoni khumi, kuchokera 1997 mpaka 2007, ndipo inaima nkhondo yolimbana ndi a Ori isanathe. A Ori ndi zamoyo zamphamvu zodzitcha milungu, zimene zimatumiza alaliki awo ndi uthenga umodzi: lambirani kapena mufe. Filimuyi inali ndi nthawi yosakwana maola awiri kuti igonjetse chipembedzo chimene chagwira maiko osawerengeka. Njira imene alembi anapeza ndi bokosi lakale, loti aliyense woyang'anamo amakhulupirira nthawi yomweyo zimene zaikidwamo. Nkhaniyo imanena yokha kuti amene anapanga bokosili anakana kuligwiritsa ntchito, poona kuti n'kulanda munthu ufulu wosankha. Koma pamapeto Daniel Jackson, mmodzi mwa ngwazi za seweroli, ndi anzake akulitsegula pamaso pa mkulu wa alaliki aja, kuwala kukufalikira kwa onse, nkhondo n'kutha.

Ndikudziwa mbali inayo. Zimene zinaikidwa m'bokosimo n'zoona, a Ori si milungu, ndipo miyoyo yambiri yapulumuka. Koma mlaliki amene dzulo ankakhulupirira bodza chifukwa choopa moto, lero akukhulupirira choonadi chifukwa cha makina, ndipo masiku onse awiriwo iye sanafunsidwe. Mutu wake wangosintha mwini. Chikhulupiriro chimene munthu sakanatha kuchikana sichikhala chake, ngakhale chikhale cholondola chotani. Alembi anapanikizika ndi nthawi, n'zomveka, koma anagula mapeto awo ndi chinthu chomwe seweroli linkati likuteteza.

Ife owerenga Baibulo sitiyenera kudabwa ndi njala ya mapeto, pakuti ili m'buku lathu lomwe. M'mabuku awiri akale kwambiri olembedwa pamanja, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, a m'zaka za m'ma 300, Uthenga wa Marko umathera pa 16:8, amayi akuthawa kumanda ali ndi mantha, osauza munthu aliyense. Ndime 9 mpaka 20 zimene timawerenga kutchalitchi, akatswiri ambiri amati zinalembedwa ndi dzanja lina pambuyo pake. Akhristu oyambirira nawonso sanapirire kusiyidwa pakhomo la manda. Machitidwe a Atumwi amatha Paulo ali ku Roma, zaka ziwiri m'nyumba yolipira yekha, akudikira mlandu wake, ndipo mlembi satiuza kuti unatha bwanji. Pamenepo palibe anaonjezera, ndipo mpingo wakhala ndi mpata umenewo mpaka lero osagwa.

Buku la Yobu ndi limene lili ndi mapeto okwanira, koma werengani mutu 42 mosamala. Nkhosa zinali 7,000, zafika 14,000. Ngamira zinali 3,000, zafika 6,000. Ana anali khumi, ndipo abadwa ena khumi. Pamlaga wathu, tikuwerenga ndime imeneyi, mayi wina amene anaikapo mwana m'manda anangofunsa mwachidule kuti, "Nanga oyamba aja?" Tonse tinasowa choyankha. Ana atsopano ndi dalitso, koma salowa m'malo mwa amene anagweredwa ndi nyumba. Farscape ikuchita chimodzimodzi: John ndi Aeryn akutcha mwana wawo dzina la D'Argo. N'chinthu chokoma, chogwetsa misozi, koma khandalo si mnzawo uja. Apa ndi pamene mphamvu ya wolemba nkhani aliyense imathera. Angathe kulanga woipa, kukwatitsa okondana, kupereka dzina kwa mwana. Kubweza wakufa osanamiza oonera, kumeneko n'kovuta, ndipo akayesera timaona msoko wake.

Choncho ndimavomereza kuti woyambitsa nkhani ali ndi ngongole kwa amene amumvera, ndipo oonera Farscape ndi Firefly sanalakwe kukaitchola. Koma ngongoleyo siili yoyankha funso lililonse. Serenity imatha osatiuza kuti m'busa Book anali yani asanavale kolala, chifukwa chiyani asilikali a boma ankamupatsa ulemu, ndipo filimuyo siichepa nazo. Inalipira chimene chinali chofunika: choonadi cha Miranda chaululika, akufa aikidwa, otsala akonza chombo chawo n'kupitiriza ulendo ali ochepa kuposa kale. Mapeto abwino amawerengera zimene zatayika, n'kusiya otsalawo ali ndi ufulu wawo.

Zimene filimu singathe kulipira n'zimene chikhulupiriro changa chimayembekeza kwa Mulungu yekha: chiweruzo chimene chidzawerenge misozi yonse, n'kubwezanso ana oyamba a Yobu, popanda kuthira Pax mumpweya kapena kutsegula bokosi pamaso pa munthu. Kuti zidzatheka bwanji zonsezo pamodzi, palibe mlembi wazionetsa, ndipo ine ndimazigwira ndi chiyembekezo chabe. Pakadali pano ndimachenjera ndi aliyense, kaya ali paguwa kaya pansanja ya ndale, amene akulonjeza kutseka nkhani yanga lero, mwaulere, bola ndisiye kufunsa mafunso.