KODI NKHAWA YA MASIKU A KUDIKIRA IRI YOIPA?

Masiku ano amai ambiri a m'midzi yathu ayamba kupita ku cipatala akamva kanthu kolimba m'bere, ndipo ici ciri cokoma. Koma pabuka mlandu wina umene makolo athu sanaudziwa. Mai ajambulidwa bere, dotolo apenya cithunzi nthawi yaitali, nanena kuti, Pali kanthu pano kamene sitinakazindikire bwino. Mudzabwerenso kuti titengeko kanyama kang'ono ndi singano, tikayese. Mai uja abwerera kwao osadziwa ngati adwala kapena ali bwino. Nsima imkanika, usiku angotembenuka pamphasa napenya ana ace ali m'tulo. Tsono tifunsana: kodi nkhawa yotere iri yoipa? Kodi iri cizindikiro ca mtima wofoka ndi cikhulupiriro cocepa, monga ena anena?

Poyamba tidziwe cimene cithunzi cikhoza kunena. Makina ena, dzina lao mammogram, ajambula ndi kuunika kwa X-ray, kumene Wilhelm Röntgen anakupeza m'caka ca 1895. Ena, a ultrasound, atumiza m'thupi mau osamveka m'makutu mwathu, namvera kubwerera kwace, monga mau abwerera kucokera ku phiri munthu akapfuula. Makina onsewa aonetsa maonekedwe a cinthu, koma satha kunena motsimikiza kuti ciri ciani. Tonse tinayendapo madzulo ndi kuona cinthu cakuda pambali pa njira. Kodi ndi citsa, kapena fisi? Maso okha satiuza kufikira tabwera ndi muuni. Singano ija ndiyo muuni wa dotolo.

Madotolo a ku America anakonza mawerengedwe a zithunzi izi, dzina lace BI-RADS, kuyambira 0 kufikira 6, ndipo agwira nchito m'maiko ambiri. Akalemba 4 atanthauza kuti cinthuco cikayikitsa, ciyenera kuyesedwa. Koma 4 ali ngati munda waukuru: kumalire kwace kwina, kumene alemba 4A, amai opezeka ndi khansa saposa 10 mwa 100, kumalire enawo ayandikira 95 mwa 100. Ngakhale akalemba 5, kumene mantha ali akuru ndithu, dotolo sayamba mankhwala a khansa asanayese kanyama kaja. Ku America, mwa amai 5 oyesedwa ndi singano, ngati 4 apezeka alibe khansa: ena ali ndi kathumba ka madzi, ena kabulunga ka mnofu kosaopsa, kamene kapezeka kawirikawiri mwa atsikana. Kuno kwathu, kumene ambiri afika cotupa citakula kale, tisadzitonthoze kopambana ndi ciwerengo ici. Komabe cionetsa kuti kukayika kwa dotolo sikuli ciweruzo.

Tsono ife tiyesa kuti nkhawa payokha siiri yoipa. Inali nkhawa yomweyo imene inamnyamula mai uja, namsiyitsa khasu, namlipiritsa ulendo wa ku cipatala. Iri ngati mlonda wa m'munda, amene apfuula anyani akafika. Munthu wokonda ana ace sangamve mau otere nakhala ngati mwala, ndipo ife amene timdzudzula pa ici timsenzetsa katundu waciwiri pamwamba pa woyamba.

Taona otonthoza a mitundu iwiri amene acimwa pano. Ena ati, Palibe kanthu, musadandaule konse. Anena mokoma mtima, koma anena cimene sacidziwa. Ndipo mai uja, poona kuti safuna kumva mantha ace, atseka pakamwa nakhala nao yekha. Ena ayamba kuwerenga maina a onse amene anamwalira ndi nthenda ya bere, ngati alira maliro mwini wace ali ciliri. Onse awiri adziyesa anzeru koposa dotolo, amene anabvomera poyera kuti sanadziwebe.

Koma pali pamene nkhawa isanduka mdani, ndipo apa tinena molimba. Ndi pamene mlonda uja, m'malo mwa kupitikitsa anyani, atsekera mwini munda m'nyumba. Mai aopa yankho, natsala osabwerera pa tsiku lace. Wina amnong'oneza kuti khansa ikakhudzidwa ndi citsulo ifalikira. Napita kukatemera mphini, kapena nati adzangopemphera kokha. Miyezi ipita. Amai okondedwa, singano sindiyo imene ikulitsa nthenda; iikulitsa ndi miyezi yotayika ija. Bungwe la za umoyo la maiko onse, WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2022 amai ngati 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya bere, ndipo ngati 670,000 anamwalira nayo. Ndipo imfa zicuruka makamaka kumene nthenda ipezeka mocedwa. Cifukwa cace bungwelo linaika muyeso wakuti kuyesa konse kuthe m'masiku 60 kuyambira tsiku limene mai afika koyamba kwa a cipatala.

Nchito ya singano yokha siiri yaikuru. Abaya mankhwala ocititsa dzanzi, atenga tinyama tating'ono, amanga pabalapo, ndipo mai abwerera kwao tsiku lomwelo. Tinyama tija atitumiza kwa madotolo openya ndi galasi lokulitsa zinthu, monga a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene nyumba ya nchito iyi inatsegulidwa m'caka ca 2011. Madotolo otere ali owerengeka m'dziko muno, cotero yankho likhoza kutenga masabata. Kucedwa kwace sikutanthauza kuti abisa mbiri yoipa.

Nanga masiku a pakatiwa tiwasenze bwanji? Mutu umodzi susenza denga. Sikufunika kuuza mudzi wonse, pakuti pacitsime mau akula msanga. Koma uzani munthu mmodzi wosunga cinsinsi, mlongo kapena mnansi, amene akhoza kukhala nanu cete osalalikira. Ndipo inu abambo, akazi anu akakuuzani, musayambe ndi kufunsa za ndalama, kapena kufuna amene wawalodza. Funsani tsiku limene dotolo ananena, mulilembe kuseri kwa citseko, mugulitse nkhuku ikafunika ya ulendo, ndipo m'mawa mwa tsikulo mudzuke nao pamodzi.