Mphini ndi Mwini Thupi

Pali mlandu umene ukubuka kawirikawiri masiku ano m'mabanja ndi m'mabwalo a mipingo, wakuti kodi mnyamata kapena namwali amene wapita kukalembedwa khungu ndi singano, nabwerako ndi mkango pamkono kapena dzina la mayi wake pachifuwa, wachimwira Mulungu kapena ayi. Popeza akulu ambiri amaugamula mlanduwu asanamve n'komwe mboni zake, ndaona kuti n'koyenera kuti tiukhalire pansi mofatsa, pakuti makolo athu sankatula chigamulo pabwalo mbali zonse zisanalankhule.

Mboni yoyamba ndi munthu amene anafa kalekale. M'chaka cha 1991, anthu awiri a ku Germany amene ankakwera mapiri a Alps, m'malire a Italy ndi Austria, anapeza mtembo umene madzi oundana anausunga zaka zoposa 5,000. Ndipo akatswiri ataupima mtembowo, umene anautcha Ötzi, anawerengapo mphini 61, timizere ndi timitanda tothiridwa mwaye, zambiri mwa izo zili m'chiuno, m'mawondo ndi mu akakolo, malo amene mafupa a munthuyo anali atayamba kale kuperepeseka, kotero kuti ambiri amaganiza kuti zinali mphini za mankhwala. Wokulira kumudzi sangadabwe nazo zimenezi, pakuti ndi momwemo sing'anga amatemera wodwala nyamakazi: amatsina khungu ndi zala ziwiri, nalicheka kawiri kapena katatu ndi lumo, ndipo magazi akangoyamba kutuluka amathirapo phulusa lakuda la mizu yootcha, nalitikita ndi chala chachikulu kufikira litalowa. Panalinso mphini za ulemerero, zimene amayi achichewa ndi achimang'anja ankatema pamphumi, m'masaya, pachifuwa ndi pamimba, kuti namwali adziwike kuti wakula ndiponso kuti ndi wa mtundu wakutiwakuti. Ndipo Amakonde a kumpoto kwa Mozambique analifikitsa patali luso limeneli, mwakuti nkhope ya mwamuna kapena mkazi inkadzaza ndi mizere ya makala. Tsono ndinena mwaulemu kwa agogo amene ali ndi mphini m'chiuno monse, koma akunena mdzukulu wawo kuti wadzidetsa ndi za Satana, kuti akumbukire mawu aja akuti anyani amasekana zikundu.

Komatu kukhalitsa kwa chinthu sikuchiyesa cholungama, pakuti ngakhale ukapolo ndi wakalekale. Chofunika kufunsa ndi chakuti mphini imanena chiyani. Ndipo ine ndikaiyang'ana mbiri yake, kuchokera kum'mawa kufikira kumadzulo, ndiona kuti pafupifupi kulikonse imayankha funso limodzi, lakuti munthu uyu ndi wa yani. Mfumu ya Amaori ku New Zealand inkasenza pankhope pake mzere wa makolo ake ndi ulemu wa mpando wake, mwakuti pamene mafumuwo ankachita pangano ndi Angerezi mu 1840, lija la Waitangi, ena a iwo anajambula papepala chigawo cha mphini za kumaso kwawo m'malo mwa dzina. Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt, amene akhala zaka mazanamazana pakati pa anthu a chipembedzo china, amalemba kamtanda kakang'ono m'kati mwa mkono pafupi ndi chikhatho, kuti ngakhale lilime litachita mantha tsiku la chizunzo, dzanja likhalebe mboni. Awa anadziperekera okha khungu lawo kwa amene ankamukonda.

Koma alipo ena amene analembedwa osafuna, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa. Agiriki ndi Aroma ankadinda akapolo othawa ndi apandu pamphumi, kuti aliyense wokumana nawo panjira adziwe kuti ali ndi mwini wake. Ku Auschwitz, boma la Hitler linkalemba nambala pamkono wa pafupifupi mkaidi aliyense wosankhidwira ntchito yakalavulagaga, Ayuda, Apolishi, Aromani ndi ena, kuti dzina limene mayi wake anamutcha lifafanizike, atsale chiwerengero m'buku la omuzunza. Mfumu ya Aroma, Constantine, cha m'ma 316, inalamula kuti opalamula asadindidwenso kumaso, ponena kuti nkhope ya munthu inaumbidwa m'chifaniziro cha kukongola kwa kumwamba. Inalola ndithu kuti adindidwe m'manja ndi m'miyendo, chimene chionetsa kuti chifundo cha mafumu chimayenda pang'onopang'ono, koma chifukwa chimene inapereka chinali choona, ndipo chikadali choona lero.

Ndi maso amenewa tiyenera kuwerenga Levitiko 19:28, ndime imene alaliki amaithamangira, pamene Aisraele analetsedwa kudzicheka polira maliro ndi kudzilemba zizindikiro pakhungu. Anthu a Mose ankakhala pakati pa mitundu imene inkadzitema pofuna kukondweretsa akufa ndi milungu yawo, monga anachitira aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, amene anadzicheka kufikira mwazi unayenderera. Chifukwa chake lamulolo linali kuuza mtundu woomboledwa ku ukapolo kuti usadzilembenso dzina la mbuye wina. Mutu womwewo uletsanso kumeta m'mbali mwa ndevu ndi kuvala chovala cha nsalu za mitundu iwiri, ndipo sindinaonepo mkulu wa mpingo akuitanidwa kubwalo chifukwa cha malaya ake. Yesaya 44:5 anenanso, mosadzudzula konse, za munthu amene adzalemba padzanja pake kuti iye ndi wa Yehova. Ndipo Paulo, potsiriza kalata yake kwa Agalatiya, anatchula zipsera za mikwingwirima yake monga chidindo cha Mbuye amene ankamutumikira. Abale athu achisilamu ali ndi chiphunzitso chawo choletsa mphini zokongoletsa mosapita m'mbali, ndipo amene wagwira njira imeneyo aigwire ndi mtima wonse. Koma Mkhristu amene afuna kunena kuti inki payokha ndi tchimo adzavutika kupeza pomangira mlandu wake.

Kodi pamenepa mnyamata uja wapambana mlandu? Iai, pakuti latsala funso lina lolemera koposa, limene achinyamata sakonda kulimva. Iwo amati thupi ndi langa, ndichita nalo chimene ndifuna. Koma thupi limenelo adzakhalamonso munthu wina amene sanafunsidwe, ndiye nkhalamba imene mnyamatayo adzakhale ikadzakwana nthawi, ngati Chauta amusunga. Wa zaka 19 akalemba dzina la bwenzi lake pakhosi, walumbirira wa zaka 60, amene mwina adzakhala atakwatira wina, atasintha chikhulupiriro, kapena atayamba kuchita manyazi ndi zimene ankanyadira. Ndipo lumbiro limeneli thupi limalisunga mokhulupirika kuposa mtima: singano ya makina, amene Samuel O'Reilly anawalembetsa ku New York mu 1891, imabaya khungu kambirimbiri pa kamphindi kamodzi, kupyola khungu lakunja limene limafundula, nisiya inki m'khungu lam'kati, m'mene asilikali a m'thupi amathamangira kudzaimeza monga mdani, koma polephera kuigaya amangokhala nayo pomwepo, ndipo akafa, anzawo amailandira. Madzi akatayika saoleka. Amene akhulupirira kuti thupi ndi kachisi woikizidwa kwa iye, osati munda wake wa iye yekha, ayenera kuima nthawi yaitali pakhomo la wolemba matatuu asanalowe, monga aimira munthu wanzeru asanachite chowinda chilichonse.

Ndipo ngati tifuna pamene pali tchimo losakayikitsa pa nkhani yonseyi, tiyang'ane lumo ndi singano. Chitsulo chimene chalowa m'magazi a munthu mmodzi chikalowa mwa wachiwiri chisanaphikidwe, chitha kunyamula kachilombo ka HIV, ndiponso tizilombo totupitsa chiwindi ta hepatitis B ndi C. Ndipo ka hepatitis B n'kolimba moyo kotero kuti kamatha masiku 7 m'magazi ouma kali ndi mphamvu yodwalitsa. Mzinda wa New York unaletsa ntchito yolemba matatuu mu 1961 chifukwa cha nthenda imeneyi, ndipo chiletsocho chinakhala kufikira 1997. Kuno kwathu ngoziyi siili m'tauni mokha: sing'anga amene atemera banja lonse ndi lumo limodzi, kuyambira bambo kufikira khanda, pofuna kulitchinjiriza kwa afiti, akhoza kulowetsa m'nyumbamo imfa imene anaitanidwa kudzaitsekera kunja, chimodzimodzinso akaidi m'ndende ndi ana a sukulu amene amabayana ndi singano yosokera ndi inki ya cholembera. Fumbi ndi phulusa zikalowa pabala zimabweretsa mafinya, nthawi zina kafumbata. Munthu amene agwiritsa chitsulo chimodzi pa anthu khumi, akudziwa zimenezi, ali ndi mlandu wa mwazi wa mbale wake, kaya avala mkanjo woyera m'sitolo yowala kaya akhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe.

Ngakhale singano itakhala yatsopano, yotsegulidwa m'pepala lake wolembedwayo akuona, inki nayo ili ndi zake. Yofiira ndiyo imayabwitsa ndi kutupitsa anthu ambiri, nthawi zina patapita zaka; tizidutswa take timayenda m'thupi kukakhazikika m'tizigawo ta m'khwapa ndi m'mphechepeche, tija timatupa munthu akachita mwanabele; ndipo maiko a European Union, poona zimenezi, anaika malire mu January 2022 pa mankhwala oposa 4,000 amene angapezeke mu inki yotere. Ife a khungu lakuda tili ndi chathu chapadera, pakuti ena mwa ife bala likamapola limasiya chipsera chotukumuka ndi chonyezimira, chimene chimakula kupitirira pamene panachekedwa, makamaka pachifuwa, paphewa ndi kukhutu. Amene anaona chotere pa mayi wake kapena pa katemera wake wa ubwana, adziwe kuti duwa limene akufuna lingasanduke chotupa chimene dokotala akachidula nthawi zambiri chimabwereranso. Wofuna kufufuta mphini yake ayenera kupita kangapo ku makina a laser, amene amaswa inki ndi kuwala kotentha, pamtengo woposa umene analipira poilemba, ndipo pa khungu lakuda kuwalako kumatha kuwononganso mtundu wa khungu lenilenilo, n'kusiya banga loyera pamene panali chithunzi.