Mtsutso: Aphunzitsi Azikhalapo Pokonza Maphunziro a pa Tabuleti

WOVOMEREZA: Wapampando, aphunzitsi athu ndi ophunzira anzanga, boma linayamba pulogalamu ya BEFIT mu 2023 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti. Tikuyamika. Koma wosankha chithunzi, mawu ndi nyimbo zimene mwana akumva m'mahedifonimo ndani? Ife tikuti mphunzitsi azikhala pa tebulo lokonzerapo, asamangopatsidwa makiyi a kabati ndi ntchito yotchaja mabatire pa sola.

WOTSUTSA: Zikomo wapampando. Mnzangayu waiwala za ku Biwi, mu Lilongwe. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham anayesa pulogalamu ya masamu ya bungwe la onebillion, ndipo m'masabata 8 okha ana anaposa anzawo ophunzira pa bolodi. Akatswiri a onebillion a ku London amenewo si aphunzitsi a kwathu kuno, koma ntchito yawo inaoneka. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mphunzitsi wa ana oposa 100 m'kalasi, sikimu ikumudikira, makope osachonga ali mulu, nthawi yojambula zithunzi aitenga kuti?

WOVOMEREZA: Mlendo ndi mame, achimwene, sachedwa kukamuka. Ku Biwiko ankakhazika anawo pansi ndi kuwayang'anira ndani? Aphunzitsi! Ndipo palibe wanena zoti azijambula. Lowani m'chipinda cha matabuleti mukaone. Mwana wina amangodina paliponse mpaka chizindikiro chokhoza chituluke, makina n'kumuwerengera kuti wadziwa. Mphunzitsi woima kumbuyo kwake ndiye amaona chala chikungoyendayenda. Amadziwanso kuti kamtsikana ka ku Mangochi kangoti duu chifukwa kwawo amayankhula Chiyao, ndipo mawu a Chichewa chakuya amene makinawo atchula n'ngachilendo kwa iko. Zimenezi akapanda kuzimva okonza pulogalamu, adzakonza chiyani?

WOTSUTSA: Kamtsikana kamodzi kokha! Tiimitse dziko lonse chifukwa cha kamtsikana kamene mwakapeka pompano? Silabasi amalemba ku Malawi Institute of Education (MIE), ku Domasi, ndipo akatswiri amangoitsata. Tonse tikudziwa kuti mayi anu ndi mphunzitsi. Mukungowafunira alawansi ya ku misonkhano!

WOVOMEREZA: Wapampando, mayi angawo ndi amene anamugwira dzanja mnzangayu polemba a, e, i, o, u, lero akuwanyoza pamaso pa anthu. Kamtsikanako si kamodzi: pitani ku Karonga, ku Rumphi, ku Nsanje mukamve zimene ana amayankhula pakhomo. Mukufuna chitsanzo chachikulu? Dziko la Peru linagula malaputopu a One Laptop per Child mazana a zikwi, koma kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti pa masamu ndi pa chiyankhulo ana sanasinthe. Makina anafika, koma sanalumikizane ndi zimene mphunzitsi amachita m'kalasi. Ku Domasi komwe mukutchulako, polemba mabuku amaitana aphunzitsi ndipo amakawayesa m'sukulu asanasindikizidwe. Nanga chavuta n'chiyani pa tabuleti?

WOTSUTSA: Peru ndi kutali...

WOVOMEREZA: London ndiye pafupi?

WAPAMPANDO: Bata! Bata kumbuyoko! Nthawi yanu yatha nonse awiri, khalani pansi. Oweruza, mapepala anu abwere kuno.