Sukulu Zakale za ku Magwero

Mau owerenga: Yohane 9:1-12

Tsiku lina Ambuye Yesu, ali kuyenda m'Yerusalemu pamodzi ndi ophunzira ace, anapeza munthu wopemphapempha amene sanaonepo dzuwa cibadwire. Ophunzirawo sanamfunse dzina, ngakhale kumfunsa ngati walawa kanthu tsiku limenelo. Anaima pambali pace nayamba kukamba za iye monga akambira mlandu pabwalo, pofuna kudziwa mwini wace wa cimo limene linatseka maso aja, kaya ndi mwini masoyo, kaya ndi amene anambala. Ambuye anaukana mlandu wonsewo. Iye anaona pa munthuyo malo oti nchito ya Mulungu ionekerepo, ndipo m'malo mwa kuweruza anawerama nakanda thope ndi dzanja lace.

Funso la ophunzira aja silinafe. Mwana akabadwa wosaona, kapena akadwala cikuku maso nkuyera, kapena akafika zaka zitatu osaturutsa liu, pamudzi pamayamba manong'onong'o. Ena amati amace anadumpha mwambo ali ndi pakati, ena amaloza nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, ndipo nkhuku ndi ndalama zimathera kwa woombeza ula. Pamene akuru ali kufunafuna wolakwa, mwanayo amakhala pakhonde kuingitsa nkhuku pa mphale yoanika, anzace ali ku sukulu. Koma m'dziko lomwe lino la kum'mawa muli malo amene funso limeneli linayankhidwa kale ndi sukulu, ndipo mbiri yace iyenera kumveka m'mipingo yonse.

Malowo ndi Magwero, kamudzi ka Mishoni kufupi ndi Chipata, amene dzina lace lakale linali Fort Jameson, pafupi ndi malire a Malawi. Dzinali linayenera, pakuti magwero a mtsinje amakhala aang'ono, oti mwana nkuwadumpha, koma madzi ace amakafika kutali.

Nthawi imene sukulu yoyamba inamangidwa kumeneko inali ya misozi. M'mwezi wa January 1898 asilikari a boma la Angerezi anamenyana ndi Angoni a Mfumu Mpezeni, ndipo zishango ndi nthungo sizinathe kuima pamaso pa mfuti zolira mosalekeza. Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondo, anaomberedwa m'mwezi wa February. Midzi inapsa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Pambuyo pace panadza msonkho, ndipo anyamata anayamba kuyenda pansi ulendo wa masabata kumka ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama. Uthenga Wabwino unafika phulusa la nkhondoyi lisanazizire. Ngati nkhalamba zina zinaona mmishoni ndi msilikari ngati ana a mimba imodzi, palibe angazidzudzule, cifukwa khungu ndi cobvala zinali zofanana.

Amishoni a Dutch Reformed Church anali atakhala kale ku Mvera, m'dziko la Nyasaland, kuyambira caka ca 1889. Atamva kuti Mpezeni wabvomera kuti aphunzitsi alowe m'dziko lace, anaona kuti iwo okha alibe anthu ndi cuma cokwanira, napempha mpingo wa ku Orange Free State, ku South Africa, kuti usenze katunduyo. Cotero pa 5 July 1899 Abusa P. J. Smit ndi Abusa J. M. Hofmeyr anayamba nchito pa Magwero. Sanagwire okha. Aphunzitsi ndi alaliki akuda ocokera ku Nyasaland ndiwo anadziwa cinenero ndi makhalidwe a pamudzi, ndiwo anagona m'nyumba za anthu ndi kudya nao nsima m'mbale imodzi, ngakhale maina ao samveka kawirikawiri monga amvekera a azungu. Mbeu inafalikira msanga: Madzimoyo anatsegulidwa mu 1903, Nyanje mu 1905, Nsadzu mu 1908, ndipo mishoni iri yonse inabala sukulu zace za m'midzi.

Wophunzira wa lero angaseke ataona sukulu yotere. Inali nyumba ya mitengo ndi dothi, yofolera ndi udzu, imene eni mudzi anamanga okha. Mipando inali zipika, belu linali khasu lakutha kapena ng'oma. Ana anayamba kulemba ndi cala pamcenga, ndipo amene walimbika anapatsidwa sileti. Anaphunzira a, e, i, o, u, kuwerengera, nyimbo ndi Katekisma. Nyumba yomweyo inali yopemphereramo tsiku la Sabata, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye anali mlaliki, wolemba makalata a amai opita kwa amuna ao kunchito, ndi wolima munda wace madzulo. Pa zipika zija panakhalanso amuna a ndebvu ndi amai obereka ana kumbuyo, pakuti ofuna ubatizo analimbikitsidwa kuti adziwe kudziwerengera okha Mau a Mulungu. Pamene Buku Lopatulika lonse linaturuka m'Cinyanja mu 1922, linapeza anthu m'midzi odziwa kale kulitsegula.

Sikuyenera kukometsa zimene sizinakome. Aphunzitsi ambiri anaposa ana ao pang'ono cabe. Amishoni anacedwa kuphunzitsa Cingerezi, ndipo anyamata ofuna nchito ya ukalaliki anadandaula kuti atsekeredwa khomo. Dandaulo lao linali loona. Mpingo umene unatuma amishoniwo unagwirizananso kwao ndi malamulo olekanitsa anthu cifukwa ca khungu, cinthu cosemphana ndi Uthenga umene ana ace analalika kuno. Boma nalo linagona tulo pa za maphunziro kufikira alendo a Phelps-Stokes anayendera dziko mu 1924, ndipo mu 1925 linaika G. C. Latham kuyang'anira sukulu za anthu akuda. Komabe m'sukulu zosaukazi munaturuka anthu. Mmodzi wa iwo ndi Justo Mwale, amene mu 1929 anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa mpingowu wobadwira m'dziko lino. Sukulu ya ubusa imene inayamba ku Madzimoyo mu 1951, nisamukira ku Lusaka pambuyo pace, inalandira dzina lace.

Koma ulemu weniweni wa Magwero uli pa kasukulu kena kamene poyamba anthu sanakayese kanthu. M'caka ca 1905 Mai Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishoni, anayamba kuphunzitsa osaona. Imeneyi ndiyo inali sukulu yoyamba ya ana olemala m'dziko lonse limene lero ndi Zambia. Owerenga ayambe aganizira cakaco. Pa nthawi imeneyo ana openya okhaokha, a miyendo yolimba, ambiri a iwo anali asanaone cilembo. Zipangizo zinali kusowa, malungo anali kugwetsa amishoni ndi ana ao. Munthu wa nzeru za dziko akadati: yambani mwaphunzitsa openya, akhungu adikire. Mai uja sanadikire. Anaona munthu wosaona monga Ambuye anaonera wa ku Yerusalemu uja, nakhulupirira kuti m'mutu mwace muli nzeru zokwanira ngakhale zenera la maso latsekeka, ndi kuti nzeruzo zingathe kulowa pa khomo lina, ndilo la zala.

Njira yowerenga ndi zala inacokera kwa wosaona mnzao. Louis Braille anabadwa ku France mu 1809, mwana wa mmisiri wosoka zikopa. Ali ndi zaka zitatu anadzilasa m'diso ndi cisulo ca atate wace, ndipo nthenda inalowa m'diso linalo kufikira onse awiri anazima. Akali mnyamata pa sukulu ya osaona ku Paris anakonza malembo a timadontho totukuka pa pepala lolimba, nawasindikiza mu 1829. Cilembo ciri conse cimapangidwa ndi timadontho tosaposa 6, toikidwa m'mizere iwiri, titatu uku titatu uku, ndipo mwa kusintha malo ace pamaturuka zizindikiro 63, zokwanira malembo, manambala ndi zopumira. Wolemba amaboola ndi kacisulo kumbuyo kwa pepala, kuyambira kudzanja lamanja kumka kumanzere, kuti akalitembenuza aliwerenge kuyambira kumanzere monga awerengera anthu onse. Nsonga ya cala imodzi imakwana kuphimba cilembo cathunthu. Cotero ngozi imene inagwa m'nyumba ya mmisiri ku France inadzatsegula Uthenga wa Yohane kwa mwana wa Mngoni ndi wa Mcewa. Ndani pa tsiku la ngoziyo akadaganiza zimenezi? Anansi a banja lija ayenera kuti nawonso anafunsa funso la ophunzira.

Mai Hofmeyr anamwalira mu 1910, nchito ikali yanthete. Pamenepo ikadafa, monga zimafera nchito zambiri zomangidwa pa munthu mmodzi. Koma panali Lazaro Banda, wosaona amene anaphunzira malembo a zala, nasanduka mphunzitsi wa osaona anzace. Apa mpoyenera kuima pang'ono. Munthu amene mudzi ukadamuyesa wongodya ndi kupempha ndiye anasunga moto kuti usazime. Wa ku Yerusalemu uja naye, atapenya, sanabwerere kukakhala pa mphasa yace. Anaima pamaso pa Afarisi nacitira umboni molimba mtima koposa makolo ace openya, amene anaopa kucotsedwa m'sunagoge. Kawirikawiri Mulungu amatenga wothandizidwa namuika kukhala wothandiza, ndipo mpingo umene umangoponyera wosaona kakobiri pakhomo, osamlola kuwerenga Mau kutsogolo kapena kukhala pa upo wa akuru, wamuona theka lokha.

Pambuyo pace Mai Ella Botes anatenga nchitoyi naipereka moyo wace zaka zambirimbiri. Osaona anaphunzira kuwerenga, kuwerengera, kuyimba ndi nchito za manja monga kuluka, kuti asadalire kupempha. Ndipo mu 1955 pa Magwero pomwepo panatsegulidwa sukulu ya ogontha. Bvuto la wogontha ndi lobisika koposa la wosaona. Iye amayenda, amalima, amatunga madzi, cotero anthu amati ali bwino. Koma amakhala pakati pa abale ace ngati mlendo wosamva cinenero, ndipo ambiri amamuyesa citsiru pamene nzeru zace ziri zonse. Mwana wotere akafika pakati pa anzace olankhula ndi manja, nazindikira kuti cinthu ciri conse ciri ndi dzina, ndi kuti iyenso ali ndi dzina, nkhope yace imasintha. Cinenero ca manja ndi cinenero ceniceni, cokhala ndi malongosoledwe ace, ndipo munthu angathe kupemphera naco.

Lero zimene zimatseka maso ndi makutu a ana zidziwika bwino koposa m'masiku a Mai Hofmeyr. Nthomba, imene inazimitsa maso a anthu ambiri kale, inathetsedwa pa dziko lonse lapansi, ndipo izi zinalengezedwa mu 1980. Cikuku cimaononga maso makamaka mwa mwana wosadya mokwanira, ndipo katemera wace alipo ku cipatala. Nthenda ina ya maso imayenda ndi nchenche ndi kusowa madzi osamba kumaso. Mankhwala oluma a zitsamba othira m'diso lodwala apsereza maso amene akadacira. Khutu loturuka mafinya losasamalidwa, ndi nthenda youmitsa khosi, zimagonthetsa. Pa zonsezi palibe dzina la nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi. Ndalama zopita kwa woombeza zikadakwana ulendo wa ku cipatala mwana akali ndi diso.

Mu 1966 amishoni anapereka umwini m'manja mwa mpingo wa kuno, ndipo mu 1968 unalandira dzina la Reformed Church in Zambia. Umwini ndi mau okoma kuwachula pa cikondwerero, koma mwini munda ndiye amapalira. Mpingo umene unalandira nyumba zopemphereramo unalandiranso mwana wa pakhonde uja. Boma linakhazikitsa lamulo loteteza anthu olemala mu 2012, ndipo kuyambira 2022 linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira sekondale. Koma lamulo liribe miyendo yolowera m'mudzi. Amene adziwa nyumba imene muli mwana wobisika ndiye mkuru wa mpingo wa dera limenelo, ndi amai a cigwirizano amene amayendera odwala.

Anansi a munthu wa ku Yerusalemu, atamuona ali kupenya, anatsutsana ngati ndi yemweyo kapena wina wofanana naye. Anakhala naye zaka zonsezo, koma anadziwa mphasa yace ndi dzanja lace lotambasuka, nkhope yace osaidziwa. Abale, asanatsegule sukulu m'mwezi wa January, akuru a dera liri lonse akhale pansi nawerenge ana osaona ndi ogontha a m'midzi yao, aliyense ndi dzina lace ndi zaka zace. Akambe ndi makolo mofatsa, pakuti mai wa mwana wotere wamva kale mau olasa ambiri, ndipo mantha ace akutumiza mwana kutali ndi oona. Amperekeze ku cipatala kuti mwanayo ayesedwe maso ndi makutu, afunse kwa mphunzitsi wamkuru kapena ku ofesi ya maphunziro ya boma lao za malo ku Magwero kapena pa sukulu ina yotere yapafupi, ndipo pa copereka ca masika apatulepo ndalama ya ulendo, bulangeti ndi sopo.